Makola Atatu Anagwa Lolemba

Lolemba m'mawa madalaivala asanu anali ataima pakhomo la ofesi, makiyi m'manja, kudikira mapepala a maulendo awo. Pulinta inali zii. Pulogalamu yanga yogawa katundu m'magalimoto inakana kudzuka.

"Ndinkanena ine," anatero a Manijala, ataima kumbuyo kwa mpando wanga. "Zophunzira wekha pa foni zimathera pomwepa. Ikakwana teni koloko mapepala asanatuluke, ubwerera kosungira katundu kuja, uzikamata mapepala pa makatoni. Kompyuta tiwasiyira a Digiri."

A Digiri, mlamu wawo wa a Manijala, anali pa desiki yawo akupukuta magalasi ngati mlendo wongodutsa.

Ndinayamba kufufuza. Pulogalamu iliyonse mwa zitatu za pa kompyuta ija ndinaimangira khola lake: foda yokhala ndi zida zake zokha, kuti zisasakanikirane ndi za inzake. Koma khola silisunga Python wakewake, injini imene mapulogalamuwo amayendera. Limangoloza kumene iye amakhala mu sisitimu yoyendetsa kompyuta yonse. Ndinatsata njirayo, inathera m'malere. Python wakale kunalibe, pamalo pake panakhala watsopano.

"Wakweza sisitimu ndani?" ndinafunsa.

"Inapempha yokha Lachisanu," anayankha a Digiri osandiyang'ana. "Munthu wodziwa ntchito sasiya makina akukalamba."

"Munthu wodziwa ntchito amayamba wafunsa amene amagwiritsa makinawo."

"Iwe, lankhula bwino ndi akuluakulu," anadzudzula a Manijala.

"Akuluakulu agwetsa makola atatu, bwana, koma wobwerera kumakatoni ndine?"

Dalaivala wina, yemwe timamutcha Hutala chifukwa cha pakamwa pake, anasuzumira pawindo. "Achemwali, tinyamuke kapena tikayale mphasa pansi pa lole?"

"Ingokoperani foda yakaleyo muiike pena," a Digiri anandilangiza, mawu ali ofewa ngati akundichitira chifundo.

"Kumeneko n'kusamutsa maliro chipinda, achimwene. Sadzuka."

Ndinafufuta khola loyamba lonse. Ndinali ndi fayilo ya mndandanda wa zida zonse, chilichonse ndi nambala yake, yomwe a Digiri ankaiseka kuti ndi kope la mwana wa pulayimale. Ndinamanga khola latsopano, n'kuyamba kuitanitsa zidazo chimodzichimodzi. Zinalowa khumi ndi chimodzi. Chomaliza, chojambula matebulo a papepala, chinakanitsitsa: sichigwirizana ndi Python watsopano.

Nthawi inali itadutsa hafu naini. Ndinakoka Python wakale uja pa intaneti n'kumuika pambali, pake payekha, osakhudza wa sisitimu. Ndinafufutanso khola, n'kulimanganso molozera kwa iyeyo. Zida zonse khumi ndi ziwiri zinalowa. Pulinta inatsokomola, kenaka pepala loyamba linatuluka.

A Manijala anasisita phewa la mlamu wawo. "Mwaona? Sisitimu yatsopano ikuthamanga bwino."

Ndinaimirira, mpando n'kugunda khoma.

"Makola awiri adakali pansi, bwana. La kawerengedwe ka katundu ndi la mauthenga a makasitomala. A Digiri awadzutse, poti sisitimu yawo ikuthamanga bwino."

A Digiri anayang'ana sikirini, kenaka mlamu wawo. Sanasunthe.

"Ukufuna chiyani?" anafunsa a Manijala motsitsa mawu, poona kuti Hutala akadali pawindo, mapepala ali m'manja, makutu ali tcheru.

"Pasiwedi yaikulu ya kompyutayi ikhale ndi ine. Wofuna kukweza chilichonse azindipeza kaye."

"Ndipo wina akupepese, eti?" anatero a Manijala.

"Liwu la pepanilo ndikudziwa kuti m'nyumba muno mulibe. Pasiwedi yokha."

A Manijala anapumira m'mwamba. "Alamu, mulembereni."

A Digiri analemba pa kapepala, n'kukakankha ndi chala chimodzi mpaka m'mphepete mwa desiki. Ndinasintha pasiwediyo pomwepo iwo akuona, ndipo ndinayamba kufufuta khola lachiwiri.