Sizasi ya Kamlambe

"A Bonface, mwaigwiragwira sizasi imeneyo mpaka yatentha. Mukufuna kuifunsira ukwati?" anatero Mwanamvua, mayi wogulitsa zitsulo mumsika wa pa boma ku Mangochi.

Bonface sanaseke. Anali atazungulira msika wonse dzuwa lili pamutu, miyendo ikuphwanya. Ankagwira ntchito yosamalira maluwa pa loji ina ku Nkopola, ndipo mwini lojiyo ankasunga timitengo m'miphika, timene ankatitcha bonsayi. Pa tonseto, ka pamtima pa bwanayo kanali kamlambe kolekeza m'bondo, koma kachikulire kuposa ana onse a Bonface. Amene ankagwira ntchitoyi kale anachotsedwa ataumitsa kamtengo kotere. Tsopano sizasi yodulira nthambi inali itathyoka, ndipo bwana anamutuma kukagula ina.

Bonface anakweza sizasi ya Mwanamvua ija m'mwamba kuti aone ngati mipeni yake ikukumana bwino. Pakati pankaoneka kampata, msomali wake nawo unkagwedera pang'ono. Anatulutsa kanthambi m'thumba kuti ayesere.

"Iyayi bambo," anatero Mwanamvua. "Mukadulira mtengo ndiye kuti mwagula. Adzaifuna ndani ili ndi utomoni? Yeserani apa." Anamupatsa chidutswa cha ukonde.

Sizasi inadutsa mu ukondewo ngati mpeni pa nthochi. Bonface anali mwana wa msodzi, ndipo kwawo chitsulo chodula ukonde osautafuna sichikayikiridwa.

"Chikomekome cha nkhuyu," anang'ung'udza Bonface.

"Nyerere zake mwaziona?" anatero Mwanamvua. "Minibasi ya ku Nkopola ikudzaza uko."

Kutopa kunamulanda nzeru. Anagula.

M'mawa mwake anagwada pafupi ndi kamlambe kaja n'kukanikiza sizasi pa nthambi. Mipeni inatang'adza, nthambi inalowa pakati n'kuphwanyika, ndipo pokoka, khungwa linasendeka mpaka pathunthu. Mtima unamuwawa kwambiri, osati chifukwa cha ntchito yokha. Kamtengoko anali atakazolowera, ankakalankhula pokathirira.

Anamata dothi pabalapo monga amachitira ndi mtengo wa mango. Akanatha kutembenuza mphika kuti bala liyang'ane kukhoma, ndipo anaugwiradi ndi manja awiri. Koma khungwa la zaka zonsezo silikanamera bwana asanaone, ndipo analibenso mphamvu zomagona ndi mantha tsiku lililonse. Anausiya mmene unalili, anapukuta manja pa buluku, n'kupita kukagogoda ku ofesi ya bwana.