Kuponda Bambo

Sabata imene tinayamba kuphunzira kutikita thupi ndi mapazi, aphunzitsi athu a Lamduan anandiona ndikuzemba. Ndi manja, zigongono ndi maondo ndinkatha bwino, koma phazi langa linkakana kukhudza munthu wamkulu.

"Iwe Ratri, phazilo ukusungira ukwati? Pita ukayeserere pa munthu wakwanu."

Kwathu ku Lampang kunali bambo okha, msana wawo utapindika ndi kuwokera mpunga. Ine ndi iwo tinkangokamba za mvula ndi za abakha basi. Chikulire changa ndinali ndisanawakhudzepo, ndipo ngakhale kuwaloza ndi phazi sindikanayerekeza.

Nditafika ndinayala mphasa, iwo n'kugona chafufumimba osafunsa zambiri. Ndinagwada kumiyendo kwawo, n'kuphatikiza manja pachifuwa monga timachitira tisanayambe.

"Bambo, mundikhululukire. Ndikupondani."

"Ndikukhululukire chiyani? Ponda msanga, abakha sanadye."

Ndinaika chidendene pantchafu yawo ngati ndikuponda dzira. Mnofu wake unali gwa ngati mtengo. Ndinatsamira pang'onopang'ono, ndikudikira kuti atulutse mpweya monga aphunzitsi anatiphunzitsira, mpaka ndinamva mnofuwo ukufewa.

"Kale unkaposa apa," anatero nkhope ili pamtsamiro. "Uli kamwana unkayenda pamsana pangapa ndikaweruka kumunda, uku ukuimba, matope ali kumapazi. Sunkapepesa."

"Sindikukumbuka. Nanga ndinasiyiranji?"

Phazi langa linali likadali pomwepo.

"Ndinakuphunzitsa ulemu," anatero. "Unaugwira bwino kwambiri. Msanawu wakhala ukundiwawa kuyambira pamenepo."