Kumene Mussa Analirira Mayi Ake

Mussa analowa m'khitchini kudzatunga madzi ozizira, n'kupeza azimayi awiri ogwira nawo ntchito ayamba kale kufwenthera. Linali Lachisanu masana, mabwana atapita kukacheza kwa abale. Cynthia, wophika wa ku Philippines, anali atatsamiritsa tabuleti yake pa chitini cha shuga, akuonera filimu ya kwawo. Pambali pake panali Nelia wa ku Chipata, wolera ana, amene chilankhulo cha m'filimumo sankachimva ngakhale liwu limodzi, koma pa kulira ndiye ankatsogola.

Masiku onse Mussa, dalaivala wa panyumbapo, ankawaseka kuti akuwononga misozi m'dziko losowa mvula. Tsiku limeneli sanaseke.

Panali patatha masiku khumi mayi ake atamwalira ku Mangochi. Foni ya mlongo wake Fanny inamupeza ali pa chiwongolero m'misewu ya Al Markhiya, kudziko lakutali kumene ankagwira ntchito, madamu ali kumbuyo. Anangoti wamva, n'kudula. Monga mwa Chisilamu, malirowo anaikidwa tsiku lomwelo, iye akudikira madamu pakhomo pa saluni. Ataimba pambuyo pake, Fanny sanayankhe. Anangolemba kuti munthu wodula foni ya maliro a mayi ake si mchimwene wake. Anabadwa awiri okha, ndipo Mussa ankaopa kuti wataya mayi ndi mlongo yemwe. Choipitsitsa n'chakuti misozi inali itamukanira.

"A Mussa, khalani pansi, mukutitchingira AC," anatero Nelia.

Anakhala. M'filimumo mtsikana wina ankasita malaya m'nyumba ya eni, kudziko lakutali. Nelia anamunong'oneza kuti mtsikanayo anasiya bwenzi kwawo, msodzi, atapangana kuti akadzabwerako adzakwatirana. Foni ya mtsikanayo inalira, ndipo mawu achingerezi olembedwa m'munsi anati bwato la mnyamata uja lamira. Bwana anali chiimire pakhomo kudikira malaya ake. Mtsikanayo anayankha liwu limodzi, n'kuika foni pansi, n'kupitiriza kusita. Kamera sinachoke pankhope pake. Kunalibe nyimbo, kunalibe wolankhula, simbi yokha ikupita ndi kubwera pa kolala lomwelo.

Mussa anafunsa chifukwa chake sakulira. Cynthia anayankha kuti kwawo pafupifupi banja lililonse lili ndi munthu wogwira ntchito kunja, ndiye opanga mafilimu amadziwa kuti wantchito amalira mochedwa. Samufulumizitsa, amadikira naye mpaka bwana atachoka.

Bwana wa m'filimu uja atatseka chitseko, Mussa ndiye anayamba. Analira ngati mwana mpaka anatsetsereka pampando n'kufika pansi. Nelia anazimitsa filimu, anadzimanga chitenje n'kukhala pa matailosi atatambasula miyendo monga amakhalira azimayi pa siwa. Cynthia mwambowo sankaudziwa, koma anavula masilipasi n'kukhala nawo. Palibe anamuuza kuti atonthole. Anamufunsa za mayi ake, iye n'kuwafotokozera mmene ankagulitsira usipa ndi mmene ankamukalipira akachedwa ku madrasa. Mumtima anawathokoza kwambiri azimayiwa, omwe anawaseka chaka chonse.

"Maliro n'kulirana," anatero Nelia. "Tsopano mutumizireni mlongo wanu voice note, musanapukute kumaso. Ma message olembawo khalas, basi akwana, samveka misozi."

Mussa anajambula. Mawu ankadukaduka, koma ananena zonse: kumene anali, amene anali pampando wakumbuyo, ndiponso kuti lero ndi pamene wapeza polirira. Atatumiza, anaika foni pansi, Cynthia n'kudzuka kukathira tiyi.

Tiyi amene Cynthia anathira asanazizire, foni ija inalira. Anali Fanny, ndipo nayenso mawu anali atasasa.

"Achimwene, mayi anasiya mawu anu m'mawa wa tsiku lomwelo. Ndinawasunga chifukwa cha mkwiyo. Muli nokha kodi?"

Mussa anayang'ana Nelia ndi Cynthia.

"Ayi, mlongo wanga, ndili ndi anthu. Nena."