Tsiku Limene Anaveka Chikwangwani

Mphepo ya Julaye inalawirira tsiku limenelo, youma, yoluma makutu, ikusesa fumbi ndi majumbo m'tinjira ta Zandspruit, ku Joni, n'kukazikoleka pa mawaya a m'mbali mwa msewu. Koma palibe amene anatsala m'bulangeti. Linali Lamulungu la pa 6 Julaye, tsiku la ufulu wa Malawi, ndipo chaka chilichonse Amalawi a mipingo yosiyanasiyana amasonkhana pabwalo la kuseri kwa renki ya mateksi kuti apempherere dziko lawo. Mwambo wake sunkasintha. Pemphero lalikulu amalichita atagwada, nkhope zitaloza kumpoto chakum'mawa kumene kuli kwawo, ndipo abusa amatchula boma lililonse, kuyambira Nsanje mpaka Chitipa.

Abambo Aloysius anafika Baibulo lili m'khwapa, jekete litatsekedwa mpaka m'khosi. Chimwalirireni akazi awo zaka zinayi zapitazo, mawu awo anali owerengeka. Ngakhale moni ankayankha ndi mutu. Anamva phokoso asanaone anthu, ndipo silinali la nyimbo.

"Taonani! Taonani zimene atiikira!"

Kutsidya kwa bwalolo, ndendende kumene anthu amaloza akagwada, kunali chikwangwani chachikulu choimikidwa pa mzati wachitsulo. Sabata yatha chinkatsatsa matayala. Lero panali mtsikana wamkulu ngati basi, atagona chammbali pamchenga, botolo la mowa lili m'manja, pathupi pali tinsalu tiwiri tosakwana n'kupukutira mbale komwe.

Abambo Aloysius anauzindikira mzatiwo. Lachinayi iwo anali pamwamba pomwepo. Pa kampani yopachika zikwangwani ntchito yawo inali ya kuseri: anzawo amatambasula chipulasitiki kutsogolo, iwo amakoka zingwe ndi kumanga kumbuyo, kenaka bakki, kagalimoto ka kampani, imawanyamula kupita kwina. Zaka zisanu ndi chimodzi akumanga mfundo, osafunsako kuti kutsogolo kuli chiyani.

"Petulo ndili naye m'galimoto!" anakuwa Malumbo, dalaivala wa lole ya mchenga, amene magazi ake sachedwa kuwira. "Tichiotche chimenechi!"

"Uotche, apolisi abwere, ndiye uwaonetse chiyani?" anamudula amayi Ethel, wapampando wa amayi. "Pasipoti yako inatha liti, iwe?"

Anthu anaseka, Malumbo n'kukanda m'mutu.

"Tingotembenuka, abale," anatero abusa mofatsa. "Mulungu amamva mbali zonse."

"Pepani abusa," anayankha amayi Ethel, manja ali m'chiuno. "Zaka zonsezi takhala tikugwada moyang'ana kwathu. Lero tifulatire Malawi chifukwa cha ntchafu za mwana wa eni ake? Kuno ku Joni manyazi anathera m'sitolo, ife tatsala nawo ochepa, ndiye tiwataye?"

Aliyense anayamba kulankhula nthawi imodzi. Ena amati asamukire kwina, ena amati atseke maso basi, ndipo wina anafunsa kuti nanga potsegula. Pakati pa chipwirikiticho panamveka mawu amene ambiri anali atawaiwala.

"Ndinamanga ndine."

Onse anatembenukira kwa abambo Aloysius.

"Inu, madala?" anafunsa Malumbo.

"Sindinaone kutsogolo."

"Eish! Ndiye kamasuleni!"

"Ayi. Si changa." Abambo Aloysius anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wa kachitseko ka makwerero a pamzatipo. "Koma wamaliseche timamuveka."

Lamulo la ku ntchito ankalidziwa bwino. Kukwera popanda chilolezo cha kapitawo, ndiponso popanda lamba wodzimangirira, kunali kuchotsedwa ntchito pompo. Ndipo munthu wa imvi ngati iwo, ndani wina mu Joni muno akanamulemba?

Amayi Ethel ndiwo anayamba kumvetsa. Anaomba m'manja kamodzi.

"Amayi! Zitenje! Aliyense amene wavala siketi m'kati, masulani!"

Bwalo lonse linatekeseka. Zitenje zinatuluka m'ziuno, m'zikwama, china chinachoka pamsana mwana n'kupatsidwa kwa bambo ake. Anaziyala pansi, mphepo ikulimbana nazo, amayi anayi atapondera m'makona. Mapini anachoka m'mipango ndi m'mabulauzi. Cha Mvano chinalumikizana ndi cha Akatolika, cha ukwati wa wina ku Balaka chinakumana ndi cha nkhanga zobiriwira. Malumbo, petulo ataiwala, anathamangira ku lole n'kubwera ndi chingwe chomangira tenti.

"Kokani uko, mlamu! Simunadye kodi?"

"Mwatembenuza! Mtanda wazondoka!"

Zitenje zinakwana zisanu ndi zitatu. M'munsi anamangiriramo miyala kuti nsalu isauluke. Abambo Aloysius anapereka Baibulo kwa abusa, anakoleka mtolowo paphewa, n'kuyamba kukwera. Chitsulo chinali chozizira moti chinkamata m'manja. Pansi wina anayambitsa nyimbo, ndipo sitepe iliyonse imene iwo ankaponda, nyimbo inkakwera nayo. Atafika pamwamba anayenda pa kamlatho ka kuseri, anamanga nsonga yoyamba, anamanganso pakati, kenaka anaponya nsaluyo kutsogolo.

Inatambasuka ngati mbendera, kuyambira paphewa la mtsikanayo mpaka m'maondo.

Nthungululu zake! Oyendetsa mateksi pa renki anayamba kuliza mahutala. Amayi Ethel ankavina akuloza m'mwamba.

"Taonani mmene wakongolera! Mwana wa munthu uyu, ankangosowa azakhali!"

Koma chingwe chinaperewera. Nsonga yachitatu inalibe pomangira, ndipo mphepo itaipeza inayamba kuikoka ngati galu wolusa. Abambo Aloysius anaigwira ndi dzanja, dzanja linalo likukumbatira chitsulo. Anagwedezera abusa mutu kuti ayambe.

Anthu oposa zana anagwada m'fumbi, nkhope zitaloza kwawo. Kuchokera pamwambapo, abambo Aloysius ankawaona onse, ndipo mawu a abusa ankawafika m'zidutswa. Nsanje, kuti madzi osefukira asabwerenso. Chikwawa. Thyolo ndi Mulanje, anthu othyola tiyi. Mankhwala m'zipatala. Atsogoleri, kuti aziopa Mulungu. Ana athu, kuti asagulitse ulemu wawo. Amayi Ethel anaponyamo mokweza kuti ndi mtsikana wa pachikwangwaniyu yemwe, kulikonse kumene ali.

Pamenepo bakki yoyera inaima pansi pa mzati. Anatuluka Julius, kapitawo wa abambo Aloysius, wa ku Orange Farm, amene Lamulungu amazungulira kujambula zikwangwani zatsopano kuti eni malonda aone. Anayang'ana zitenje, anayang'ana khamu logwada, kenaka anakweza maso.

"Hawu, madala! Wenzani lapho? Yehla!" anakuwa m'Chizulu, kuwalamula kuti atsike.

"Tikupemphera," anayankha abambo Aloysius m'Chizulu chawo chothyokathyoka.

"Wopanda lamba? Ukudziwa lamulo! Tsika pompano, ndinena kuti sindinakuone. Ukakana, chithunzi ichi chikupita ku ofesi, ndipo mawa usabwere."

Anakweza foni. Mphepo inakoka nsalu mwamphamvu, mapini awiri n'kuthothoka. Kungotsegula dzanja, zonse zikanagwa pamaso pa anthu ogwada aja. Abambo Aloysius anatchera khutu kwa abusa.

"Afika pa Zomba," anatero. "Tikuthera ku Chitipa."

Julius anadikira pang'ono, anapukusa mutu, n'kujambula.

Abambo Aloysius anakulunga nsongayo kachiwiri padzanja, anagwada pa kamlatho kaja, n'kuyamba kupempherera Machinga pamodzi ndi anzawo.