Nkhope Yanga pa Chipika cha M'bawa

Amuna anga a Laisoni, amene adaphunzira kusema ziboliboli ku Mua, maso adawathera Lachiwiri masana, kasemasema ali m'manja. Adangoti nditsegule zenera, chonsecho tinali panja, dzuwa likuswa mtengo. Kuchipatala adati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo sadzaonanso.

Chiboliboli cha Amayi Maria, chomwe ankasemera tchalitchi chathu cha kuno ku Golomoti, chinali chitatha thupi lokha. Kumutu kunali chipika chabe. Sabata isanathe, a Ezekiele, apampando a komiti, adabwera kuti achitenge akapatse wosema wina. Ati kutichitira chifundo. Chifundo chanji cholanda munthu ntchito ili m'manja? Ndidawauza kuti abwerere momwe abwereramo, adzaonekenso mwezi ukatha.

Kulankhula ndidalankhula, koma mantha ndinali nawo. Poyesa kusema, a Laisoni adadzitema chala kawiri, mpaka kuponya tchizulo kumbatata. Kale ankajambula nkhope ndi makala pamtengo n'kumatsata mizere. Tsono mizereyo akanaiona bwanji?

Tsiku lina ndikupeta mpunga adandiitana. "Namaliya, takhalani apa, musagwedezeke."

Adandipapasa chipumi, mphuno, milomo, akuyeza ndi zala, kenaka n'kukhoma timisomali pamtengo: apa diso, apa pothera chibwano. Dzanja linkachoka pankhope panga n'kupita pamtengo, tchizulo n'kutsatira. Milungu itatu, abale! Mbalame zidandithera mpunga kumunda ku Bwanje, ine nditakhala pampando ngati mkwatibwi, khosi lili gwa. Ndikadandaula, ankati nditseke pakamwa, ndikukhotetsa milomo ya Amayi Maria.

A Ezekiele atabwera ndi akomiti anzawo, ndidavundukula chitenje chomwe tidaphimbira chiboliboli. Onse adasendera pafupi. Kenaka mayi wina adaseka, nati Maria ameneyu ali ndi makwinya, ndipo chipsera chapachipumicho akuchidziwa, n'changa chomwe ndidadzitema ndi chikwakwa. A Ezekiele adayamba zoti mwina pasalazidwe pang'ono ndi sandipepa.

"Amayi Maria adaika mwana wawo m'manda," adatero a Laisoni. "Akazi angawa adaika awiri. Nkhope yake imakhala yotere. Musakhudze."

A Ezekiele adavula jekete lawo latsopano, nakulunga nalo chiboliboli, nachinyamula okha chakumutu. Ife tidatsatira pambuyo, a Laisoni atandigwira phewa. Ndinkalira mosabisa, ndipo aliyense amene tidakumana naye pamsewu ndidamuimitsa kuti amve kuti asema ndi amuna anga.