Suti ya a Jobu

Paxton anatsika basi ya ku Joni Lachisanu m'mawa. Chikwama paphewa, jekete pamkono. Anali munthu wosakhalitsa pamalo. Joni, Lusaka, Beira, kulikonse kumene kwamveka ntchito. Ulendo uno chinamubweretsa ndi maliro. Bambo ake, a Jobu, anali atatsikira kulichete.

Ku Area 47 anapeza masamba atayalidwa pamsewu. Amayi a Mvano ankayimba pakhonde. Amayi ake, a Anastazia, anamukokera kuchipinda asanakhale n'komwe pansi. Anatsegula wadirobu. Munali mahang'ala okhaokha ndi malaya awiri.

"Ukuona? Suti mulibe. Mawa tikuika maliro. Bambo ako apite ndi malaya ngati wopita kudimba?"

"Ili kuti, Amayi?"

"Ukufunsa ine? Sutiyo inagonapo liti m'nyumba muno? Pita kwa a Abdulwahab, atelala aja. Iwo ndi amene amadziwa za maulendo ake onse. Usabwere wopanda suti."

Paxton ankaidziwa bwino sutiyo. Yotuwa, ya mabatani atatu. Nkhani yake anakula nayo. A Jobu anakwatira atavala malaya okha. Anapempha jekete kwa anthu, onse anakana. Achibale a mkazi anaseka mpaka kuphwando. Patapita zaka, a Anastazia anagula nsalu, napita nayo kwa telala wa ku Old Town. Ankati mwamuna wawo asadzasekedwenso. Koma a Jobu anaivala Masabata ochepa chabe. Kenako inayamba maulendo. Wokwatira, wokafunsira ntchito, wokabatizitsa mwana, aliyense ankagogoda pageti. A Jobu ankangoti, "Ambuye anati wa malaya awiri agawireko mnzake. Ine ndili ndi suti imodzi, ndiye tizisinthana." A Anastazia ankang'ung'udza. Komabe ankaisita okha.

Paxton anakwera minibasi. Tauni inali itasintha. Nyumba zazitali, magalimoto bwanabwana. Koma atawoloka mlatho wa Lilongwe, fungo linali lomwe lija. Fumbi, tchipisi, mafuta a galimoto. Ali mwana ankayenda njira imeneyi Loweruka lililonse, atagwira chala cha bambo ake. Iwo atanyamula suti m'pepala.

A Abdulwahab anali pakhonde lomwe lija, kuseri kwa sitolo ya nsalu, pafupi ndi mzikiti. Ndevu zitayera. Makina omwe aja opalasa ndi phazi. Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wa a Jobu! Iwe wothawathawa. Mimba imeneyi waitenga kuti? Ku Joni amagawa?"

Anaseka, kenako anapukuta m'maso.

"Pepa, mwanawe. Tataya munthu."

"Zikomo, bambo. Ndabwera za suti."

"Suti." Anasiya kupalasa. "Ndinaisoka ndine. Ndaibweza chiuno, ndaikuza, ndaibwezanso. Wowonda akabwera, bambo ako amati chepetsa. Wonenepa akabwera, amati masula. Ndinawauza kuti, a Jobu, nsalu imatopa ngati munthu. Iwo amvekere, ikatopa idzanena yokha. Mwana wanga Shabir anakayambira ntchito m'suti imeneyo. Bambo ako sanafunse kuti ndi wa mpingo uti."

"Pano ili ndi ndani?"

"Mackford. Mlonda wa ku Area 43. Anabwera nayo bambo ako asanagonekedwe kuchipatala. Ndinafupikitsa miyendo. Akukwatira mawa."

"Mawa?"

"Mawa. Iwe uyike maliro, iye amange banja. Suti imodzi." Anapukusa mutu. "Ine ndimasoka, mwanawe. Sindigamula milandu."

Paxton anakwera njinga yamoto mpaka ku Area 43. Mipanda italiitali, waya pamwamba. Msewu wopanda munthu, agalu okha kuuwa mkati. Anagogoda pageti lakuda. Anatsegula mnyamata wamkulu ndithu, wamfupi, wa yunifolomu yosuwa. Paxton atangotchula dzina, Mackford anavula chipewa.

"Achimwene, pepani. Ndinamva dzulo. Ndimati ndikaweruka ndibwere nayo ndekha."

Analowa m'kanyumba ka mlonda. Anatuluka ndi suti pahang'ala, itakutidwa ndi chitenje. Anaipereka ndi manja awiri.

Paxton anaifunyulula. Kolala inali itayamba kunyezimira ndi kutha. Batani limodzi linali losiyana ndi anzake. Anainunkhiza. Sopo wa bambo ake, ndi thukuta la anthu ena osawadziwa. Anakumbukira tsiku limene iye mwini anaivala, popita kukatenga pasipoti. Manja ankamuperewera. Bambo ake anamukonza kolala pageti, nati, "Upite. Koma suti ibwere." Suti inabwera. Iye ndi amene sanabwerenso.

"Nanga mawa muvala chiyani?" anafunsa.

"Malaya alipo oyera. Esnati amvetsa." Mackford anaseka pang'ono, maso ali pansi. "Akuchikazi okha ndi amene alankhule. Amati mwana wawo wasankha wotsegula mageti. Koma zimenezo n'zazing'ono. Bambo aja apite bwino."

Paxton anaima nayo sutiyo m'manja. Mawu a amayi ake anali m'khutu. Usabwere wopanda suti. Anayang'ana miyendo ya buluku. Msoko watsopano wa a Abdulwahab unali kuoneka. Bambo ake anali ataibwereketsa kale. Ndiye iye anabwera kudzalanda chimene mwini wake anapereka?

Anaikutanso ndi chitenje.

"Tengani."

"Achimwene, ayi. Mayi aja adzandiona bwanji?"

"Za amayi zisiyeni kwa ine. Mukakwatire. Koma suti ibwere."

Anabwerera ku Old Town dzuwa litakwera. Anthu ankapita kale kumzikiti. A Abdulwahab anali akuphimba makina. Paxton anavula jekete lake, lakuda, logula ku Joni. Analiika pathebulo.

"Bambo anali ndi manja aafupi kuposa ine."

"Ukundiuza ine? Muyeso wa a Jobu ndili nawo m'zala." Telala anagwira nsaluyo, naisisita. "Ya ku Joni, eti? Yokongola, koma yaulesi. Singapirire maukwati awiri." Anamvetsera kuitana kwa pemphero, kenako anavundukula makina. "Khala apo. Ndipinda msanga. Mulungu akudziwa kumene ndachedwera."

Madzulo Paxton analowa kuchipinda kwa amayi ake. Anayala jekete pabedi. A Anastazia analiyang'ana osaligwira.

"Ichi n'chiyani?"

"Jekete langa, Amayi. A Abdulwahab apinda manja."

"Ndinakutuma jekete lako?"

"Ayi."

"Ndiye suti yanga ili kuti? Ndinaigula ndine. Moyo wonse yavala anthu a eni. Tsiku limodzi lokhali, limodzi, singavale mwini wake?"

"Ili ndi Mackford, mlonda wa ku 43. Akukwatira mawa. Amafuna kubweza. Ndakana ndine." Anawayang'ana m'maso. "Amati akwatira ndi malaya okha. Akuchikazi akumudikira kuti aseke."

A Anastazia anakhala pabedi. Kunja nyimbo inatha, ina inayamba. Kenako anakoka jekete lija. Anayeza dzanja la jeketelo ndi chikhatho. Anatembenuza kolala.

"Achimwene anga ndi amene anayamba kuseka tsiku lija," anatero. "Bambo ako anangoima, akumwetulira ngati sakumva. Khutu lili piriwiri." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Lakudali liwakhala. Sankalikonda, koma lero sangatsutse."

Paxton anapuma.

"M'thumba mwa suti muja unapisamo?"

"Ayi, Amayi."

"Mulibe kanthu. Anadwala ndisanaikemo." Anadzuka, natsegula kabati. Anatulutsa kampango koyera, kosita, kopinda bwino. "Suti ya bambo ako sinatulukepo pageti popanda kampango. Mkwati amatuluka thukuta. Pita nako kusanade. Ndipo umuuze mnyamatayo asadyere mpunga ali chivalire. Mafuta amavuta kuchotsa."

Paxton analandira kampangoko ndi manja awiri. Anatuluka ndi malaya okha.