Zenera la a Bonifasio

A Bonifasio anamwalira m'mawa wa Loweruka, nthawi imene anyamata a masipika ankayesa zida zawo pabwalo la mpira. Akazi awo, a Veronika, anali atapita kukhitchini kukatenthetsa phala. Pobwera anapeza amuna awo ali chigonere cham'mbali monga anawasiyira, mawondo atapinda mpaka pamimba chifukwa cha chisanu cha mu Julaye, nkhope italoza kuzenera. Koma chifuwa chija, chimene chinakhala chikulira ngati sowo usana ndi usiku, chinali chitangoti zii.

A Veronika anaika mbale ya phala pansi, n'kuikankhira kunsi kwa bedi ndi phazi. Anagwira pakhosi, anagwira pamtima, anaitana kawiri monong'ona. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinadza ng'oma zikulira kunja. Anawatseka maso amuna awo, ndipo kulira kunatsala pang'ono kutuluka. Chimene chinakubweza ndi mawu a mwana wawo Alile, amene ankasita diresi m'chipinda china uku akuyeserera nyimbo yake.

Lokeshoni imene ankakhala ili patsinde pa phiri la Dedza, ndipo chaka chonse anthu ake amangodziwa matabwa, kachewere ndi chifunga. Tsiku limodzi lokha, akatha kukumba kachewere, ndi limene amati Tsiku la Oimba. Pamabwera makwaya a mipingo yonse, amayi a chimtali, madoda a ngoma ndi zishango zawo, ndi timabandi ta achinyamata timene gitala imodzi timachita kubwerekana. Chaka chimenecho kunali chachilendo. A Kenan, mwana wa m'lokeshoni momwemo amene anali ndi bandi yaikulu ku Lilongwe, anatumiza mawu akuti akufuna mtsikana woimba, ndipo amene awakomere m'khutu pabwalopo amutenga.

Aliyense ankadziwa kuti mtsikanayo ndi Alile. Bambo ake anali wocheka matabwa m'nkhalango ya paini, koma Lamulungu ankatsogolera kwaya, kuyambira ali mnyamata kwawo ku Kasina. Mwanayo anamuphunzitsa kuimba asanadziwe n'kuwerenga komwe. Utuchi ndi chisanu cha m'phiri zitawadya mapapo, Alile anasiya sukulu ali folomu 3 n'kukhala wowatembenuza, wowamwetsa mankhwala ndi wowachapira. Sanadandaulepo, ndipo zimenezo ndi zimene zinkawapweteka kwambiri amayi ake.

A Veronika ankadziwa kumene mtsikana wosiya sukulu amathera m'tauni imeneyi, chifukwa iwo anathera komweko. Kuyambira ali msinkhu wa Alile ankathamangira mabasi pamsewu waukulu, beseni la kachewere lili m'mwamba, kukankhana ndi amayi anzawo pamazenera a anthu osafuna n'kukuyang'ana komwe. Miyendo inatupa, mawu anasasa, ndipo palibe chimene anaimika. Analumbira kalekale kuti mwana wawo beseni limenelo sadzaligwira.

Tsono mwambo wa maliro ndi wodziwika ngakhale kwa mwana. Munthu akatsirizika sulira msanga. Umayamba watuma munthu kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo, kenako kulira kumayamba, anyamata amathyola masamba n'kuyala pamsewu, wanjinga amatsika, wailesi zimazimitsidwa. Bwalo la mpira linali pafupi kwambiri, moti mpira ukapita padera unkagwera m'munda wa mpiru wa a Veronika. Masamba akanangogwa pamsewu, Tsiku la Oimba likanathera pomwepo, ndipo a Kenan akanakwera galimoto yawo n'kukafuna mtsikana kwina.

Zikwangwani zinati zoimba ziyamba dzuwa lili paliwombo, ndipo Alile anali pakati pa oyambirira. A Veronika anawerengera mumtima kuti n'kanthawi kochepa. Ngati mwambo umalola wamasiye kumeza misozi mpaka uthenga ufike kwa amfumu, angalakwe chiyani kuumeza pang'ono chabe kupitirira apo? Anaganiza zowongola miyendo ya amuna awo, koma ntchito imeneyo ndi ya amuna, komanso munthu wogona chagada, miyendo ili tambalale, Alile akanamuzindikira ali pakhomo. Anangokoka bulangete mpaka kukhutu n'kuwasiya momwemo.

Alile anabwera kudzatsanzika atavala diresi yobiriwira imene anabwereka kwa mnzake. Amayi ake anamutchingira pakhomo la chipinda, n'kumuuza kuti bambo ake sanagone usiku wonse, tulo tangowapeza kumene, asawadzutse. Mtsikanayo anasuzumira paphewa pa amayi ake.

"Ababa, ndapita," ananong'ona. Kenako anatembenukira kwa amayi ake. "Mutsegule zenera, amayi. Dzulo anati akufuna andimve."

A Veronika anatsegula zeneralo Alile akuona, mphepo yozizira n'kulowa.

Munthu wokhulupirira nthawi ya pachikwangwani m'dziko muno ndi wosowa chomukhulupirira. Dzuwa linafika paliwombo mlendo wolemekezeka asanatulukire. Atafika, panayamba pemphero, kenako mawu a wapampando, mawu a wachiwiri wake, ndi mawu a munthu amene anapereka matenti, amene anayamba ndi kunena kuti alibe zambiri. Kwaya yoyamba itangotsegula pakamwa magetsi anazima, anyamata n'kuthamangira jenereta imene inalibe mafuta. Zonsezi a Veronika ankazimva pazenera, atakhala pampando pafupi ndi bedi, kolona ili m'manja koma osatha kumaliza ngakhale Tikuoneni Mariya mmodzi.

Masana kunabwera a Jestina, mayi woyandikana nawo nyumba, ndi kapu ya thobwa la odwala. Anali mnzawo wa pamsewu, amene tsiku lina anagwirira beseni lawo pamene a Bonifasio anakomoka. A Veronika anawalandira pakhonde, nawauza kuti odwala agona.

"Koma lero chifuwa chija sichikumveka," anatero a Jestina. "Mulungu ndi wabwino, amake Alile."

A Veronika anavomera kuti ndi wabwino. Atalowa m'nyumba anakhoma chitseko, ndipo anachita manyazi aakulu. Kawiri konse anaimirira kuti akauze a Jestina zoona, zithe basi. Kawiri konse woulutsa pabwalo ananena kuti oimba achitsikana akubwera posachedwa, iwo n'kukhalanso pansi. Ukalowa m'madzi mpaka m'chiuno, kubwerera ndi kuwoloka zimatalika chimodzimodzi.

Alile anaitanidwa dzuwa litapendeka, chifunga chitayamba kutsika m'mapaini. Mawu ake anatuluka m'masipika n'kudzaza chipinda chonse.

"Nyimbo iyi ndikuimbira bambo anga, a Bonifasio. Akudwala, koma akundimva. Zenera lawo ndi ilo, lotsegula lija."

Anthu anaomba m'manja, ena n'kutembenuka kuyang'ana nyumbayo. Kenako mtsikanayo anaimba. Inali nyimbo imene bambo ake anapeka ali m'nkhalango, ya munthu wocheka matabwa a nyumba za ena pamene yake ikudontha. Anaiyamba pansipansi monga anamuphunzitsira, n'kuikweza pang'onopang'ono mpaka bwalo lonse linangoti chete, ngakhale ana ogulitsa mandasi anasiya kuitanira malonda. A Veronika analuma nsonga ya chitenje kuti mawu asatuluke. Anagwira phewa la amuna awo pamwamba pa bulangete, ndipo linali lolimba ngati thabwa. Sanaziganizire zimenezo, mtima wawo wonse unali pabwalo.

Nthungululu zitatha, anatseka zenera, natuluka kukauza a Jestina kuti bambo a Alile angotsirizika kumene. Uthenga unathamanga kwa amfumu ndi kwa a Gerevazio, mkulu wa mphakati wawo wa kutchalitchi. Posakhalitsa masamba anayalidwa pamsewu, ndipo bandi imene inali pabwalo inalekeza nyimbo pakati. Apo ndi pamene a Veronika analira, kulira kwa tsiku lonse kunatuluka nthawi imodzi, moti amayi awiri anachita kuwagwira.

Alile anafika akuthamanga, nsapato zili m'manja. Anali atangolankhula kumene ndi a Kenan, amene anamuuza kuti akonze chikwama. Anagwa pamiyendo ya amayi ake pakhonde, ndipo atapeza mpweya anafunsa chinthu chimodzi chokha.

"Anandimva?"

"Anakumva mpaka kumapeto, mwana wanga," anatero a Veronika. "Anamwetulira."

Mtsikanayo analira, koma kunali kulira kwa munthu amene wapatsidwa kanthu koti agwire.

A Gerevazio analowa m'chipinda ndi mkulu mnzawo kukawongola thupi, monga amachitira munthu akangotsirizika, thupi likadali lofewa. Anakhalitsamo. Potuluka sanayang'ane munthu kumaso, anangopempha madzi otentha ndi nsalu. A Gerevazio anali munthu wofatsa amene wagoneka anthu ambiri, ndipo sakanayalutsa wamasiye pagulu. Anayandikira a Veronika n'kunena motsitsa kuti amayi apeze mnyamata wolowetsa madziwo, mwana asalowe. Koma Alile anali atanyamuka kale. Madzi a bambo ake ankatenthetsa ndiye nthawi zonse, ndipo palibe amene anaganiza zomulanda ndowa.

Zimene anaona m'chipindamo zinali zochepa. Bambo ake anali atawagoneka chagada, koma mawondo anali chipindire m'mwamba, khosi litakhotera kuzenera, ndipo mkulu uja ankakanikiza bondo limodzi ndi manja onse awiri osatheka. Alile anali atakhalitsa m'zipatala, ankadziwa kuti thupi siliuma choncho pa kanthawi koyenda kuchokera pabwalo. Poika ndowa pansi anaona mbale kunsi kwa bedi. Linali phala lam'mawa lija, limene anaphika yekha, litauma pamwamba, supuni ili chiimire.

Anatuluka pang'onopang'ono. Pakhonde panali podzaza amayi, ena atayamba kale nyimbo yamaliro. Alile anagwada pamaso pa amayi ake monga mwana waulemu, ndipo sanakweze mawu.

"Amayi, m'mawa muja ndinatsanzika ndani?"

A Veronika anafuna kunena za beseni, za mabasi, za miyendo yawo yotupa, koma zonsezo zinaoneka zazing'ono pamaso pa mwanayo. A Jestina, amene anali atawakumbatira, anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuliika pamiyendo pawo. Nyimbo yamaliro ija inazilala yokha.

Nkhani yotere sigona m'nyumba imodzi. Pofika tsiku loika maliro ku Kasina, lokeshoni yonse inali itadziwa kuti anthu anavina ndi kudya mandasi tsiku lathunthu mtembo uli pafupi, ndipo kwa ambiri chowawa chinali chakuti anawaombetsa m'manja kuloza zenera la munthu wakufa. Akuchimuna analankhula mawu olemera kumanda. A Veronika anapepesa kwa amfumu, anapepesa kumphakati, ndipo zimenezo anazipirira mosavuta, poti ankati bola chimene anachitira chatheka.

Pamanda kwaya ya a Bonifasio inaima mozungulira, n'kudikira kuti Alile ayambitse nyimbo monga ankachitira bambo ake akadwala. Anadikira mpaka zinafika pochititsa manyazi. Mtsikanayo anangoyang'ana dothi, ndipo pamapeto pake mayi wina wachikulire anaiyambitsa mokweza kwambiri, anthu n'kuvutika kuifikira.

A Kenan anali munthu wabwino. Anabwera kudzapepesa, nanena kuti malo aja adikira mpaka misozi iume. Patapita masabata anabweranso okha. Alile anawalandira bwino, anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti akatsegula pakamwa kuti aimbe amaona mawondo aja, ndiye mawu satuluka. Amayi ake anamuchonderera, anamukalipira, tsiku lina anamugwadira ndithu. Iye sanawayankhe mwano ngakhale kamodzi, ankangoti, "Ndamva, amayi," n'kupitiriza zimene akuchita. Mvula isanagwe, a Kenan anatenga Bridget, mwini diresi yobiriwira ija.

M'mawa wina a Veronika akumanga nkhata kuti apite kumsewu, anapeza Alile ali panja atatsuka beseni lakale limene ankachapiramo zovala za bambo ake. Anali atadzazamo kachewere, wamkuluwamkulu pamwamba, monga amachitira odziwa ntchitoyo. A Veronika anamuuza kuti alisiye. Alile anangowerama n'kugwira m'mphepete mwa beseni.

"Nditwikeni, amayi," anatero. "Basi yoyamba itipitirira."

A Veronika anagwira mbali inayo, namutwika mwana wawo.